Mphunzitsi si waganyu wa makolo

Mwezi watha tinagona pamaliro ku Mufakose, kuno ku Harare. Anatisiya ndi mkulu wina wa mumpingo mwathu, mmodzi mwa otsala ochepa amene anachoka ku Ntcheu ali anyamata, mzinda uno ukadali Salisbury. Amayi anali m'nyumba ndi nyimbo zawo, ife amuna tili panja titazinga moto, nkhani zikungolandirana monga zimakhalira pasiwa. Zitafika pa za sukulu, bambo wina amene ali ndi shedi ya zitsulo kumsika wa Siyaso anakweza mawu. "Aphunzitsi a masiku ano ndi mavenda basi," anatero. "Dzanja ili choko, dzanja linali m'thumba mwanga. Mwana akapita wopanda dola ya maekisitira samuyang'ana n'komwe." Ankanena za maphunziro owonjezera amene makolo amalipira padera. Anthu anavomera ndi mitu. Wina anathira ndemanga kuti anthu oweruka dzuwa lili pamutu, a tchuthi katatu pachaka, amadandaula ngati ogwira mumgodi.

Nthawi yomweyo alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu, ankadutsa ndi ketulo ya tiyi. Aphunzitsa kupulayimale zaka 23. Anamva zonse. Anagwada, n'kuthira tiyi m'kapu ya bamboyo, n'kupitirira kwa wotsatira. Ine sindinayankhe kanthu usiku umenewo, ndipo chete wangayo wakhala akundidya mumtima mpaka lero.

Ndimakumbukira maliro a m'dera lomwelo m'zaka za m'ma 1980. Aphunzitsi akangotulukira pageti, mnyamata ankathamangira m'nyumba kukatenga mpando. Buku la chipepeso ankagwira ndi iwo, chifukwa ndalama yolembedwa ndi dzanja la aphunzitsi panalibe woikayikira. Agogo anga aamuna, amene anagwira ukhukhi kwa mzungu ku Highlands zaka zambirimbiri, kalata ikafika kuchokera ku Dedza ankavala jekete, n'kupita nayo kwa aphunzitsi a mumsewu mwathu kuti akawawerengere ndi kuwalembera yankho. Aphunzitsiwo anali Mzezuru, koma Chinyanja anachidziwira m'makalata omwewo. Pakhomo pawo panali njinga, kenako panabwera Peugeot 404, ndipo ana awo ankavala nsapato ngakhale tsiku losapita kutchalitchi. Ulemu umene tinkawapatsa unali wa maphunziro awo, inde. Koma tisanamizane, unalinso wa zimene maso ankaona. Anali munthu wosapempha mchere kwa neba, wosalembedwa m'buku la ngongole kugolosale. Mwana ukamuuza kuti limbikira sukulu, unkangomulozera nyumba imeneyo.

Kwa ife amene makolo athu anachokera kutsidya kwa Zambezi, nkhaniyi ikutikhudza mwapadera. Makolowo anabwera ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ena pamalole aulere otchedwa Ulere, ena wapansi kudzera ku Tete, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini. Ku Mabvuku, ku Tafara ndi ku Dzivarasekwa tilipo ambiri chifukwa madera amenewa anamangidwira antchito a m'nyumba za azungu. Mnzathu wa Chishona zikamuvuta m'tauni ali ndi kwawo ku Murehwa kapena ku Gutu, kumene kuli munda ndi ng'ombe ziwiri. Ife munda wathu unali sukulu. Anatitcha mabhurandaya, anatinena kuti tilibe mutupo (chiwongo), pazitupa zathu analembapo kuti ndife alendo, ndipo lamulo la unzika la 2001 linachotsa ambiri mwa ife m'kaundula wa voti mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 atatibwezera unzikawo. M'zaka zonsezo chitseko chimene chinkatsekukabe chinali cha kalasi. Mdzukulu wa khukhi atakhala nesi kuchipatala cha Parirenyatwa, mwana wa mlonda atakhala akauntanti m'tauni, kumbuyo kwake kunali mphunzitsi wina amene anamugwira dzanja polemba zilembo zoyamba. Mphunzitsi akagwa, oyamba kugwa naye ndi ana athu, chifukwa alibe kwina kothawira.

Dziko lino litalandira ufulu mu 1980, mtsogoleri wake anali mphunzitsi. Robert Mugabe anaphunzitsapo kuno, ku Chalimbana m'dziko limene lero ndi Zambia, ndiponso ku Ghana. Boma lake, Dzingai Mutumbuka ali nduna ya maphunziro, linachotsa fizi kupulayimale. Ana a kupulayimale amene anali pafupifupi 820,000 mu 1979 anadutsa 2 miliyoni pofika pakati pa zaka za m'ma 1980. Masekondale anali 177 okha, koma zaka 10 zisanathe anali atapitirira 1,000. Aphunzitsi anaperewera, ndiye mu 1981 kunabwera ZINTEC, imene inkaphunzitsa munthu uphunzitsi ali kale kutsogolo kwa kalasi, ndipo koleji ya Morgan ku Arcadia ikadali ndi dzina limenelo. Mbiri yomwe timanyadira tikapita kunja, yakuti Mzimbabwe ndi munthu wophunzira, anaimanga ndi anthu amenewa, ena akuphunzitsira pansi pa mtengo bolodi litatsamira pathunthu.

Kutsika kunayamba pang'onopang'ono ndi ESAP, ndondomeko ya boma yosintha kayendetsedwe ka chuma, mu 1991, fizi itabwerera m'sukulu za m'tauni ndipo mitengo ya zinthu itayamba kuthamanga kusiya malipiro m'mbuyo. Chimene chinathyola msana ndi chaka cha 2008. Amene tinalipo sitifuna wotikumbutsa. Malipiro a mwezi wathunthu sankakwana kombi (minibasi) yopitira kubanki kukawatenga. Sukulu zambiri zinakhala zotseka pafupifupi chaka chonse, ndipo aphunzitsi zikwizikwi anawoloka Limpopo, ena anatulukira pa Plumtree, kukaperekera zakudya m'malesitilanti a ku Johannesburg ndi kukasakaniza simenti ku Francistown. Alamu anga anatsala. Lachisanu usiku ankakwera basi ya ku Musina kukapikula mafuta ophikira ndi sopo, Lolemba m'mawa n'kukaima kutsogolo kwa ana ochepa amene ankabwerabe.

Mu February 2009 boma la mgwirizano linayamba kupatsa wogwira ntchito m'boma aliyense madola 100 a ku America. Ndalamayo inali yochepa, choncho David Coltart ali nduna ya maphunziro makolo analoledwa kusonkha kangachepe kowonjezera aphunzitsi, kamene tonse tinkakatchula kuti incentive. Zimenezo zinatsekulitsa sukulu, palibe angakane. Koma mbewu ya zomwe tikukolola lero inadzalidwa pomwepo, chifukwa boma, makolo ndi aphunzitsi omwe anazolowera kuti malipiro a mphunzitsi atha kuchokera m'thumba la kholo. Mu 2014 nduna yotsatira, Lazarus Dokora, inaletsa incentive. Chimene chinatha ndi ndalama yoonekera, yolembedwa m'buku la komiti ndi kugawidwa poyera. Njala ya mphunzitsi sinaletsedwe, ndiye ndalamayo inangolowa pansi, n'kutulukira kwina ili ndi dzina la maekisitira.

Pofika 2018 malipiro anali atakwerako kufika cha pa madola 540. Sizinali zolemeretsa, koma munthu ankatha kulipira lendi, kugula chakudya ndi kutumiza ana kusukulu. Mu October chaka chimenecho, Mthuli Ncube atangokhala nduna ya zachuma, ndalama za m'mabanki zinasiyanitsidwa ndi madola enieni, ndipo mu February 2019 zinapatsidwa dzina lakuti RTGS. Nambala ya papepala la malipiro inakhala yomweyo, mphamvu yake n'kumasungunuka ngati mchere m'madzi. Pofika 2020 mabungwe a aphunzitsi ankanena kuti malipiro a mwezi sakufika ngakhale madola 50 ukawasintha pamsewu. N'chifukwa chake mabungwe a ZIMTA ndi PTUZ akhala akubwereza nambala ya 540 chaka ndi chaka, pamene a ARTUZ, a aphunzitsi a kumidzi, amatchula 1,260. Anthu ambiri amamva ngati aphunzitsi akupempha kukwezedwa. Akupempha kubwezeredwa zimene anali nazo kale.

Pa zaka zimenezi m'kamwa mwa aphunzitsi munalowa liwu lakuti incapacitation. Ambiri amalitenga ngati njira yozembera liwu lakuti sitiraka, koma tanthauzo lake n'loona ndithu: munthu akunena kuti ndilibe mphamvu yofikira kuntchito, ya kombi ndilibe. Mu February 2022 boma linayankha poimika kwa miyezi itatu opanda malipiro onse amene sanafike kusukulu, mpaka Khoti Lalikulu litaletsa chigamulocho. Lero gawo lina la malipiro limabwera m'madola a ku America, lina mu ZiG, ndalama ya dziko lino. ZiG imeneyi inabwera mu April 2024, ndipo mu September chaka chomwecho inatsitsidwa mphamvu ndi magawo oposa 40 pa 100 tsiku limodzi. Landilodi wa ku Mufakose safuna kumva za ZiG. Kondakitala wa kombi nayenso amafuna dola.

Tsiku lina Loweruka ndinawapeza alamu anga patebulo ali ndi pepala lawo la malipiro ndi pensulo. Sanandibisire. Ndalama isanafike m'manja, inshuwalansi ya maliro yadula kale, ya chipatala yadula, kampani ina yobwereketsa ndalama imene anakongolako fizi ya mwana wawo wamkulu yadulanso gawo lake. Zotsalazo anazigawa ndi pensulo ija: lendi ya zipinda ziwiri, magetsi, madzi ogula pamigolo mpopi ukauma, kombi ziwiri popita ndi ziwiri pobwera chifukwa sukulu yawo ili tsidya lina la tauni. Asanalembe ufa ndi mafuta, pensulo inali itafika kale paziro. Pakona panali zikwama ziwiri zimene amanyamula m'mawa uliwonse. China chinali ndi makope 54 oti achonge, china chinali ndi maputi ndi maswiti ogulitsa pabuleki. Anandiuza motsitsa mawu kuti: "Alamu, chimene chimandipweteka si kusauka ayi. Ndi pamene mwana amene ndangomudzudzula m'kalasi abwera ndi kandalama kudzagula switi, ine n'kumuthokoza."

Sindikuti bambo wa ku Siyaso uja ananama pa zonse. Alipo aphunzitsi amene m'mawa amangolembetsa manotsi, phunziro lenileni n'kulisungira masana kwa olipira. Alipo amene amakhazika olipira kutsogolo, osalipira kumbuyo, ndi amene kope la mwana wosalipira limatha teremu osaona cholembera chofiira. Mwana wa neba wanga, amene amayi ake amagulitsa tomato pamsewu, anabwera tsiku lina akulira chifukwa mayeso a Lachisanu anachokera pa zimene anzake anaphunzira iye atauzidwa kuti azipita kwawo. Uku ndi kumubera mwana, ndipo umphawi wa mphunzitsi sungakuyeretse. Wochita zimenezi adzudzulidwe, akapitiriza achotsedwe. Koma ife tatenga mwambi wa nsomba ikaola imodzi n'kuutaya pa anthu oposa 100,000, kuphatikizapo aja amene amasunga mwana wosalipira m'kalasi mwakachetechete, kumugulira kope ndi ndalama ya maputi. Ndipo takwiyira nsomba osafunsa amene anaphwetsa dziwe.

Chimene chaononga ulemu wa mphunzitsi m'Harare si kuchepa kwa malipiro kokha. Ndi dzanja limene malipirowo akuchokerako tsopano. Kale mphunzitsi ankalipidwa ndi boma, choncho pamaso pa kholo ankaima chilili. Ankatha kuuza bambo wolemera kuti mwana wanu ndi waulesi, bamboyo n'kuvula chipewa. Lero kholo likamupatsa mphunzitsi dola m'manja, kapena kumutumizira pafoni pa EcoCash Lamlungu madzulo, limayamba kumuona monga limaonera mnyamata wotchetcha kapinga. Wolipira ndiye amalamula. Ndamvapo mayi akunena pamaso pa mwana wake kuti, "Ticha ameneyu ndimamudyetsa ndine." Mwana amene wamva mawu amenewo kunyumba, mawa m'kalasi angamvere chiyani? Naye mphunzitsi amaopa kunena zoona, chifukwa akakhumudwitsa kholo ndiye kuti wataya ndiwo za sabata imeneyo. Tamusandutsa waganyu wathu, kenako tikudabwa kuti alibenso ulemu wa kale.

Amene akupindula ndi zonsezi ndi bwana wake weniweni. Boma ndi limene linalemba mphunzitsi ntchito kudzera ku Public Service Commission, ndipo ndi limene limatolera misonkho yathu, kuphatikizapo ija imadulidwa nthawi iliyonse tikatumiza ndalama pafoni. Papepala maekisitira olipira ndi oletsedwa. Pansi pano aliyense akudziwa kuti popanda iwo sukulu zambiri za m'malokeshoni zikanatsala ndi mahedimasitala okha. Ndiye zinthu zimangosiyidwa choncho: kalata yoletsa ituluke, maekisitira apitirire, kholo ndi mphunzitsi azikanganirana dola pageti. Malinga awiriwa akulozana zala, palibe amene akuyang'ana kwa wolemba ntchito. Kholo limalipira kawiri, pamsonkho ndi pageti, koma mkwiyo wake wonse umathera pa amene walandira dola yachiwiriyo.

Ndipo pali amene sangathe kulipira kawiri. Mwana wa mlonda, wa mayi wochapa zovala za anthu, mwana wamasiye amene dzina lake lili pa BEAM, ndalama yolipirira fizi ana osauka imene sukulu zimadikira kwa boma mpaka kutopa. Belu likalira masana, kalasi imagawika pawiri. Ena amatsala, ena amanyamula zikwama. Pofika mayeso a Giredi 7 magulu awiriwa akhala ngati sanaphunzire sukulu imodzi. Olemera a ku Borrowdale nkhaniyi siiwakhudza, ana awo ali kusukulu zolipira zodula ndipo amalemba mayeso a Cambridge. Opezako pang'ono m'malokeshoni amathamangira kumakoleji amene aphuka m'magaraji ndi kuseri kwa mashopu. Otsala m'sukulu ya boma opanda dola ya masana ndi ana onga mmene tinalili ife, zidzukulu za makhukhi ndi alonda. Ndikanabadwa lero, ndikanakhala m'gulu lonyamula zikwama lija.

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri, makamaka kwa anthu a kutchalitchi, akuti uphunzitsi ndi maitanidwe, wolowamo asayang'ane ndalama. Ndimavomereza kuti ndi maitanidwe. Alamu anga akanakhala kuti sanaitanidwe, bwenzi atachoka mu 2008. Koma ubusa nawonso ndi maitanidwe, ndipo mpingo uliwonse wa CCAP kuno ku Harare umadziwa kuti abusa amafunika nyumba ndi chakudya, ndipo mpingo wolephera kusamala mbusa wake umachita manyazi. Sitinenapo kuti abusa adye maitanidwe. Liwu limeneli timalitulutsa pokhapokha tikafuna kuti munthu atigwirire ntchito yolemera pamtengo wozizira, iye osadandaula.

Za kuweruka masana ndi tchuthi katatu, amene amanena zimenezo sanagonepo m'nyumba ya mphunzitsi. Makope 54 aja sachongedwa kusukulu. Amachongedwa usiku, magetsi atazima, pa kanyali ka sola. Pali kukonzekera phunziro lililonse la mawa, mabuku olembamo za mwana aliyense, masewera, kwaya, misonkhano. M'sukulu zambiri za m'malokeshoni zipinda ndi zochepa, ena amalowa m'mawa ena masana, ndipo gulu lodikira limaphunzirira panja padzuwa. Silabasi yatsopano inabwera mu 2017 mabuku ake asanafike. Mu 2021 kunabwera CALA, njira yoyesa ana ndi ntchito za m'kati mwa chaka, imene inasenzetsa mphunzitsi mulu wa mapepala ndi kutopetsa makolo omwe, mpaka inachotsedwa mu 2024 n'kulowedwa m'malo ndi mapulojekiti. Kusintha kulikonse kumene akuluakulu agwirizana m'maofesi kumakatera pamsana pa munthu yemweyo, malipiro ali pomwepo.

Mfundo yolemera kuposa zonsezi ndi yakuti boma lilibe ndalama. Iyi sindiinyoza. Aphunzitsi ndiwo gulu lalikulu kwambiri mwa ogwira ntchito m'boma, ndiye dola iliyonse yowonjezera imachulukitsidwa ndi anthu ambirimbiri. Cha m'ma 2016 malipiro a ogwira ntchito m'boma ankadya magawo oposa 80 pa 100 a ndalama zonse zimene boma linkatolera, ndipo dziko silingayende choncho. Kusindikiza ndalama kuti ulipire anthu tinaona kumene kumathera. Komabe m'nyumba ya njala timayang'ana mmene nsima yochepayo ikugawidwira. Kumapeto kwa 2022, chaka chomwe aphunzitsi anaimikidwa ntchito chifukwa chosowa ya kombi, aphungu a nyumba ya malamulo anapatsidwa ngongole za nyumba za madola 40,000 aliyense, ndipo nduna madola 500,000. Wina anena kuti ndalama zimenezo ukazigawa kwa aphunzitsi onse sizingapite patali, ndipo masamu ake ndi oona. Koma bambo amene amauza ana kuti ndiwo zatha iye akutafuna nyama, ana sangamukhulupirirenso. Boma likanabwera poyera ndi ndondomeko yakuti chaka chino tifika apa, chaka chamawa apa, m'ndalama yosasungunuka, aphunzitsi ambiri amene ndimawadziwa akanapirira. Chimene chawatopetsa ndi kulonjezedwa m'ndalama imene imatha mphamvu mwezi usanathe.

Akunja akuwadziwa aphunzitsi athu. South Africa yakhala ikudzaza makalasi ake a masamu ndi sayansi ndi a ku Zimbabwe kwa zaka zambiri. Mu 2021 dziko la Rwanda linapempha boma ndi boma, ndipo mu 2022 aphunzitsi oposa 150 anakwera ndege kupita ku Kigali. Britain itatsekula mwayi wa ntchito yosamalira okalamba chaka chomwecho, aphunzitsi ambiri anathamangira kukaphunzira zosamalira odwala kwa masabata ochepa, n'kusiya madipuloma a zaka zitatu m'sutikesi. Munthu amene ankaphunzitsa ana 50 kuwerenga lero akusambitsa nkhalamba ku Leeds, ndipo kunyumba kwawo akumuona ngati wapulumuka. Sindimuweruza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma amene amachoka ndi aja aluso ndi odziwa ntchito, ndipo m'malo mwawo mukulowa ochepa amene asankha uphunzitsi ndi mtima wonse. Mwana wa mlongo wanga anakhoza bwino masamu. Nditamuuza za koleji ya uphunzitsi ya Belvedere kapena ya Seke, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amalume, mukufuna ndizigulitsa maputi ngati azakhali?" Sanali kuchita chipongwe. Anali kunena zimene waona, monga ife tinkanenera zimene tinkaona pakhomo pa Peugeot paja.

Ndimaganizanso za chilankhulo chathu. Malamulo a 2013 anachiika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno, ndipo tinasangalala. Koma kuti chilowe m'kalasi ku Mabvuku kapena ku Epworth pafunika mphunzitsi wochilankhula, mwana wathu amene analowa koleji ya uphunzitsi. Ngati ife eni ake tikuuza ana athu kuti uphunzitsi ndi ntchito ya olephera, adzaphunzitse ndani? Chidzangotsala m'nyimbo za pamaliro ndi pabwalo la gule.

Zina zili m'manja mwathu ngakhale boma lisanasunthe. Pamsonkhano wa makolo, m'malo mongokuwa za maekisitira, tingathe kukakamira kuti ngati pali chothandizira aphunzitsi chidutse m'komiti ya makolo ya pasukulu ya SDC, chilembedwe m'buku, chigawidwe poyera, ndipo mwana aliyense atsale m'kalasi, wolipira ndi wosalipira yemwe. Ndikudziwa kuti izi zikufanana ndi incentive imene inaletsedwa, ndipo si mankhwala enieni. Koma ngati ndalama ikutuluka kale m'matumba athu, kuli bwino ituluke masana kusiyana n'kumaperekedwa mobisa kwa mwana mmodzimmodzi. Timadziwa kusonkha. Mabungwe athu a maliro akhala akuika anthu m'manda mwaulemu kuyambira nthawi ya agogo athu, ndi ndalama zochepa zolembedwa bwino m'buku. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero, ndipo tikatero tizitanthauzanso mwana wa mayi wa tomato uja.

Chachikulu ndi kumene tikulozetsa mkwiyo. Chiyambire 2013 ambiri mwa ife tikuvotanso. Phungu akabwera kudzapempha voti ndi masikipa, funso la malipiro a aphunzitsi lizimupeza kuchokera kwa makolo, osati kwa mabungwe a aphunzitsi okha. Aphunzitsi akanena kuti alibe mphamvu yofikira kuntchito teremu ikamatsekulidwa, boma limadalira kuti makolo awatukwana, ndipo timawatukwanadi. Tsiku limene makolo a ku Mbare, ku Highfield ndi ku Mufakose adzanene kuti mlipireni mphunzitsi wa mwana wanga chifukwa msonkho ndinapereka kale, nkhaniyo idzamveka mosiyana kumaofesi kuja. Ndipo pakhomo pathu, tileke kunyoza mphunzitsi mwana akumva. Dandaulo lipite kwa ahedi, lipite kukomiti, koma mwana asamve bambo ake akutcha aphunzitsi ake venda.

Maliro atatha ndinawafunsa alamu anga chifukwa chimene sanayankhire usiku uja. Anati pasiwa si pokanganira, ndiponso anatopa nako kufotokoza. Kenako anatsekula chikwama cha makope chija n'kundionetsa risiti ya pasipoti. Anapita ku ofesi ya mapasipoti ku Makombe pa tchuthi chapitachi, ndalama yake anawatumizira ndi mng'ono wawo amene ali ku Polokwane, ku South Africa. Akuti sukulu ina kumeneko ikufuna mphunzitsi wa makalasi apakati, ndipo achimwene anavomera kale. Akufuna amalize kaye chaka, chifukwa pa ana 54 aja pali asanu ndi awiri amene sanayambe kuwerenga bwino, ndipo amatsala nawo Lachiwiri ndi Lachinayi masana popanda kulipiritsa. Ahedi sanawauze, anawo sanawauzenso.